Nsapato pa Chipata cha Malata

Kumunsi kwa nyumba yanga ku Masasa kunali bwalo. Ndikuti bwalo, koma anali malo chabe osalazika pakati pa zitunda zathu zija. Anyamata ankamenyapo mpira, amayi ankayanikapo mphale dzuwa likatikumbukira, ndipo ikakwana Idi, Asilamu a m'dera lathu ankayalapo mikeka n'kuswali panja, popeza mzikiti wawo ndi waung'ono.

Ine ndine Mkhristu, kwathu ndi ku Ntchisi, koma pa Idi ndinali ndi udindo. Ndinkasunga nsapato. Anandipatsa ntchitoyi ndi mnzanga wa golosale, wa ku Mangochi, chaka chimene galu anathawa ndi sandasi ya shehe anthu ali chiweramire. Kuyambira pamenepo ndinkakhala m'mphepete mwa bwalo ndi kamtengo m'manja, nsapato zitandizungulira ngati anapiye. Malipiro anga anali mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Pali chimene chimandilemera pamtima kuchokera paunyamata wanga, ndipo sindichilemba pano. Ndingonena kuti ndikakhala pakati pa nsapato zija, chinkandipepukirako.

Kenako khonsolo inabwera ndi malata. Inazunguliza mpanda bwalo lonse, n'kuimika chikwangwani pachipata. Ine sukulu ndinayamba imvi zitatuluka kale, ya kwacha, choncho chikwangwani sindichidutsa osachiwerenga. Ndimaona ngati ndikuwononga fizi. Ndinawerengera anthu mokweza kuti pamangidwa malo a masewero, a mpira wa manja ndi zina, ndipo ndinatchulanso ndalama zake. Ena anaimba m'manja. Ena anafunsa ngati msewu wathu wa matope uja nawonso uzisewera.

Omanga anathira konkire, anajambula mizere yoyera, anaimika mizati. Kenako simenti inakwera. Munthu wa penti anabwera n'kufufuta nambala ya ndalama ija pachikwangwani, n'kulemba ina yaitaliko. Mafuta atakwera anabweranso. Anthu anayamba kunena kuti pa ntchito yonseyo wogwira mokhulupirika ndi wa penti yekha. Omanga anasiya kubwera, chipata chinakhomedwa loko, ndipo chisoso chinayamba kusuzumira pamwamba pa malata.

Tinapanga komiti yokana ntchitoyo. Wapampando wathu anali mayi wina, mphunzitsi wopuma wa ku Rumphi, amene safuna chimkuzamawu. Ine anandisankha kukhala wolankhula, ati chifukwa ndimawerenga zikwangwani mwaukali. Ndinalankhuladi pamsonkhano ndi akhonsolo. Ndinati tinapempha ngalande, mwatipatsa malata, ndipo malatawo akukwera mtengo ali chiimire. Anthu anaseka mpaka ana anayamba kundilozera m'njira. Ndisaname, zinandikomera.

Mwezi wa kusala utayamba, ndinapita kugolosale kukagula sopo. Mnzangayo anali pampando wake kuseri kwa kauntala. Miyendo inali itamuvuta kwa nthawi ndithu. Kuchoka panyumba kufika pabwalo lija ndiwo unali ulendo wake wautali.

"Achimwene, chaka chino muli pa tchuthi," anatero. "Anthu akaswalira kutauni, nsapato zikasungidwa komweko."

"Nanga inu?"

"Ine ndiswali m'chipinda, ndi mphaka."

Ndinamuuza kuti akwere njinga ya kabaza, imene kuno timati sakramento. Anati chiuno chake chinakana kale, ndipo galimoto sifika pakhomo pake nyengo ya mvula. Anaseka, koma anayamba kusanja machesi amene anali osanjika kale. Munthuyo sanaphonyepo Idi ya pagulu chibwerere ku Mzuzu, ndipo ife awiri tinkadziwa, osanena, kuti ma Idi amene atitsalira si ochuluka.

Ndinapita nayo nkhaniyo kwa apampando. Maso awo anawala.

"Adada, uwu ndi mwayi! Akaswali pamsewu, pamatope pomwepo. Tiitane atolankhani. Khonsolo ichite manyazi."

"Amama, munthu wodwala miyendo pamatope?"

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Kiyi. M'mawa umodzi basi."

"Kiyi! Wolankhula wathu akagwade kukhonsolo? Akupatsani mbuzi ya Idi yathunthu eti?"

Ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kupita kukhonsolo ndithu. Ananditumiza kwa mayi wina woyang'anira ntchitoyo, wa ku Dedza, wongobwera kumene ku Mzuzu. Anali atavala majuzi awiri. Atandiona anaika cholembera pansi.

"Si inu bambo a malata okwera mtengo ali chiimire?"

"Ndine, mayi."

"Abwana anga mpaka lero amandiseka nazo. Mwabwera kudzawonjezera?"

Ndinafotokoza zonse, za mnzanga, za miyendo, za galu ndi sandasi. Anamvetsera bwino. Anati konkire ija ndi youma, palibe choopsa, ndipo angathe kutsegula chipata malinga iwo eni akhalepo, chifukwa kiyi sachoka m'manja mwawo. Anatenga kalendala.

"Ndiye ndi tsiku liti?"

"Mwezi ukaoneka."

"Inde, koma liti?"

"Mayi, zimenezo ngakhale shehe sadziwa. Kusala kukamatha amayang'ana kumwamba madzulo. Mwezi ukaoneka, mawa lake ndi Idi. Ukapanda kuoneka, amasalanso tsiku lina."

Anayang'ana pawindo. Kunja kunali kamvula kathu kaja kosamveka padenga, mitambo itakhala pamitengo.

"Ku Mzuzu kuno? Ine chibwerere dzuwa lenilenilo sindinalione bwinobwino. Inu mukufuna ndikauze abwana kuti pulogalamu ya khonsolo ikudikira mwezi?"

"Ya bwalo ija ikudikira simenti, mayi. Mwezi bola umabwera."

Ndinaganiza kuti ndaononga zonse ndi pakamwa pangapa. Koma anaseka mpaka kugwira tebulo. Ndinawauza kuti masiku otheka ndi awiri okha otsatizana, ndipo wailesi imalengeza madzulo ake. Anati chabwino, amvera wailesi.

Madzulo a tsiku loyamba mwezi sunaoneke, ndipo wailesi inati anthu asalenso. M'mawa mwake ndikumwa tiyi ndinamva kugogoda kwa loko kumunsiko. Ndinatsika. Mayi aja anali pachipata, atavala magambutsi, kiyi m'manja.

"Anthu anu ali kuti?"

"Simunamvere wailesi?"

"Magetsi anazima kwathu ku Nkhorongo. Ndaona kuti bola kubwera pachabe kusiyana n'kukhomera anthu panja."

Tinatsegula kuti tingoona. Mkatimo munali tchire lofika m'chiuno, ndipo konkire inali itakutidwa ndi matope ndi masamba. Palibe amene akanayalapo mkeka. Ndinabwerera kukatenga khasu ndi tsache. Mayi aja anavula juzi imodzi n'kulanda tsachelo.

Sitinapite patali pamene mawu odziwika anamveka pachipata.

"Monile mose! Ndamva kuti khonsolo yayambanso ntchito, ndipo kontirakitala watsopano ndi wolankhula wathu."

Anali apampando. Anabwera kudzandinyoza, koma kumbuyo kwawo kunali theka la komiti, aliyense akufuna kuona chimene chinali kuseri kwa malata. Anayenda pakonkire, anagogoda mizati, anatiuza kuti tikulima ngati anthu a m'tauni. Kenako anandilanda khasu kuti andionetse. Sanandibwezere. Ena anathamangira kunyumba kukatenga awo. Pofika masana, anthu okana bwalo anali atalikonza bwalolo mpaka mizere yoyera kuoneka, uku akukangana ndi mayi a kukhonsolo za mtengo wa thumba la simenti.

"Musalembe kuti tavomera," anatero apampando, akupukuta thukuta.

"Ndilemba kuti mwakana ndi makasu," anayankha mayi aja.

Madzulo amenewo shehe anabwera kudzaona malo. Anaima pakati, anatembenukira kumpoto, anapendekera pang'ono kum'mawa, kumene amayang'ana poswali. Anapeza kuti mizere yodula bwalo la mpira wa manja yangotsala pang'ono kugwirizana ndi mizere ya anthu ake. Anati zaka zonsezi amavutika kuwongola mizere ndi chingwe, osadziwa kuti khonsolo inali kumukonzera. Apampando anati ndiye chingwe chodula kwambiri m'Malawi muno.

Tsiku la Idi kunacha kozizira koma kopanda mvula. Chipata chinatsegulidwa. Anthu analowa ndi mikanjo yoyera ndi zitenje zatsopano, ndipo aliyense ankavula nsapato n'kuzisiya kwa ine. Mnzanga anatsika pang'onopang'ono, ndodo kudzanja lina, mwana wake wamkulu kudzanja linalo. Anamuikira mpando kumapeto kwa mzere, pamalo pamene woponya mpira amaima. Atayamba kuswali, ndinamuona akuwerama mmene msana wake unalolera, pamodzi ndi anzake onse. Ine ndinayang'anira nsapato. Kunabwera galu mmodzi, koma anandizindikira.

Atamaliza, anthu anatenga nsapato zawo n'kumwazikana, akupatsana moni. Zinatsala za mnzanga, zachikopa zakuda, zopindika kumbuyo. Mwana wake anali atapita kukabweza mpando. Ndinazitenga, ndinagwada pakonkire, n'kumuveka, phazi limodzi kenako linalo. Maondo anga analira kuposa ake.

"Achimwene, izi sizili pa ntchito yanu," anatero.

"Mtengo wakwera. Muwonjezere nyama."

Anagwira phewa langa. Kenako anati, "Yewo chomene," m'Chitumbuka chake cha ku Mangochi chimene chimaseketsa ana.

Tinadya tonse kwa mnzangayo. Apampando anati sadya za ogwirizana ndi khonsolo, koma anawonjezera kawiri. Mayi a kukhonsolo anakhoma chipata asanadye, kiyi n'kumuika m'gambutsi.

Bwalo lija silinathebe. Wa penti anabweranso mwezi watha, ndipo ndinawerengera anthu nambala yatsopanoyo mokweza monga kale. Ngalande tikuifunabe, ndipo pamsonkhano ndimalankhulabe, ngakhale apampando amayamba n'kuwauza anthu kuti mawu anga awayese ndi mpunga. Mnzanga ali kuseri kwa kauntala yake. Dzulo anandiuza kuti wagula nsapato zatsopano, zopanda zingwe, kuti ndisamachedwe pogwada.