Nkhope zimene Mayi Odessa sajambula

Loweruka lapitali, nditaweruka kuchipatala, mwana wanga Tamandani anandikokera ku chionetsero cha zojambula mumzinda wathu uno wa Hull, kuno kunja kwa Malawi. Aphunzitsi ake ndiwo anawauza kuti akaone. Ine ndinkangofuna kukagona, miyendo ikuwawa ndi shifiti.

Titalowa, tulo tonse tinabalalika.

Makoma onse anali ndi zithunzi za anthu akuda, akuluakulu kuposa chitseko. Mayi atasenza mtolo, bambo atagwira khasu, mtsikana atavala diresi loyera la kutchalitchi. Koma onsewo anatifulatira. Panalibe nkhope ndi imodzi yomwe.

Mwini zojambulazo anali pomwepo: Mayi Odessa, mayi wa imvi wochokera ku Amerika, mdzukulu wa anthu amene anagulitsidwa ukapolo. Tamandani, poti alibe manyazi, anawafunsa chifukwa chake.

"Amenewa ndi makolo anga," anayankha mayiwo. "Sindidziwa maina awo, mudzi wawo, ngakhale chinenero chimene ankalira nacho maliro. Ndikawapatsa nkhope ndiye kuti ndanama. Ntchito yanga si kukongoletsa khoma, ndi kunena zoona, ngakhale zoonazo zikhale zoti sindidziwa."

Kenaka anamuyang'ana mwana wanga. "Nanga iwe dzina lako ndani?"

"Tami," anatero m'Chingerezi chake cha kuno.

"Ndi Tamandani," ndinalowererapo. "Ndife a ku Malawi. Kwathu amamutcha Naphiri, potsata mfunda wa bambo ake."

Mayi aja anagwira pachifuwa. Anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Anayesa kutchula okha, lilime likukana, maso atalengeza misozi. Atatero anafunsa Tamandani ngati agogo ake ali moyo, ndiponso zimene amakambirana.

"Alipo, ku Dedza," anatero mwanayo, akukweza mapewa. "Koma sitimvana. Ndimangoti ndili bwino, basi, n'kubweza foni kwa amayi."

Mayi Odessa anati, "Ine sindidzitcha wa ku Afrika ngati inu. Ndine wa ku Amerika, makolo anga analimanga dzikolo ndi misana yawo. Koma zimene tinalandidwa ife ndi zikwapu, inu mukuzisiya pa mpando wa basi ngati ambulera."

Abale anga, mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba.

Mawa lake kutchalitchi ndinafotokozera bambo wina wakwathu, wophunzira bwino ndithu, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Leeds. Anaseka mpaka kupukuta magalasi.

"Mayi a Tamandani, amenewo ndi anthu osowa chochita. Chichewa chinalembetsapo munthu ntchito kuno? Kwanga ndinachiletsa, chimasokoneza ana kusukulu."

Kuchiletsa! Popanda mzungu wa chikwapu, popanda unyolo, popanda sitima yapamadzi. Bambo mwini wake, m'nyumba mwake, n'kumanyadira.

Ndipo sali yekha. Tonse tikuwadziwa makolo amene amawomba m'manja mwana akalephera kutchula dzina lake lomwe. Pa zikondwerero zathu za ufulu timavala zitenje, kujambulitsa zithunzi, ana ali pakona ndi mafoni, osamva ngakhale nthabwala imodzi. Tikafunsidwa timati madzi saiwala khwawa. Nanga madzi amene khwawalo sanalionepo akumbukira chiyani?

Sindikunena kuti ana athu asakhale a kuno. Tamandani anabadwira m'chipatala chimene ndimagwiramo ntchito, ndipo Hull ndi kwawo. Koma munthu sadula mwendo umodzi kuti winawo uyende bwino.

Madzulo a tsiku la Mulungu lomwelo, Tamandani anabwera kukhitchini foni ili m'manja.

"Amayi, ndimati bwanji ndikafuna kufunsa dzina la amayi awo a agogo?"

Ndinamuphunzitsa mawuwo, iye n'kuimbira agogo ake ku Dedza. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, koma amayi anga anamva. Anayamba aseka, kenaka mawu anasintha. Anatchula amayi awo, agogo awo, ndi mudzi wa ku Mozambiki kumene anachokera pothawa njala. Zina mwa izo ngakhale ine ndinali ndisanazimvepo, chifukwa panalibe amene anawafunsapo.

Amayi anga ali ndi matenda a mtima, ndipo akhala akulowa ndi kutuluka m'chipatala chaka chonsechi. Tikanachedwa pang'ono, maina amenewo akanapita nawo kumanda.

Kwanuko, nkhalamba imene ikudziwa maina ikadalipo? Nanga mwana wanu angathe kuifunsa popanda womasulira?