Wotchi ya Pa Zenera

"Kodi za wotchi zija anawauza ndani?"

Anandifunsa motero aneba anga, mayi amene khomo lawo linayang'anizana ndi lathu, tili pa mjigo m'mawa wa Lolemba. Sanandiyang'ane. Maso anali pa ndowa imene inkadzaza. Ine ndinali ndi mwana kumsana, ndipo ndinayamba kumangamanga nsalu ngati yamasuka, chonsecho inali yomanga kale. Ndinayankha kuti kaya, anthu a m'mudzi muno ndi apakamwa. Iwo anangoti, "Eetu," n'kunyamula ndowa yawo osandipempha kuti ndiwasenzetse. Chiyambire kukhala moyandikana, linali tsiku loyamba kusenza okha ine ndili pomwepo.

Funso limeneli linachokera kwa alendo, ndiye ndiyambe ndi iwowo.

Chaka chimenecho, nandolo atayamba maluwa, kunabwera ana asukulu a ku yunivesite ina ya m'tauni. Anali asanu, atsikana atatu ndi anyamata awiri, ndipo aphunzitsi awo ankangofika mwa apo ndi apo pa galimoto. Anati ali pa ntchito yolimbikitsa mtendere ndi kuthetsa nkhanza. Anaiyambira m'makomboni a m'tauni, kumene achinyamata amatemana ndi mabotolo, ndipo tsopano ankafuna kuona ngati njira yawo ingagwirenso pa malo a malonda ngati pa Milepa, poti amuna athu ambiri mwendo wina uli kuno, wina uli ku Limbe.

Anthu sanawakhulupirire. Kwathu kuno mlendo wobwera ndi kope timayamba tamuyang'ana m'manja, kuti kodi akulemba mayina a makuponi kapena a ufa. Awa analibe chogawa. Ndiye anthu ankafunsana kuti munthu angachoke m'tauni, kudzadetsa nsapato ndi fumbi, kuti angomva mmene ife timayambanirana, iye n'kupindulapo chiyani? Ena ankati ndi apolisi ovala wamba. Ena ankati mawu athu amakawagulitsa kwa azungu. Amuna anga, amene amakhoma ndowa ndi mbaula pa msika, anandiuza kuti ndiziwatenga ngati galu wa eni: osamuthamangitsa, osamuitana.

Ine ndinalowamo chifukwa cha sikelo. Ndinapita ndi mwana ku chipatala kukamuyeza, ndipo mmodzi wa atsikana aja, wamfupi, wa magalasi, anakhala nane pa benchi. Anandinyamulira mwana, mwana n'kumukodzera pa siketi, iye osakwinya nkhope ngakhale pang'ono. Chimenecho chinandifewetsa. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma ndimadziwa kusiyanitsa woseka ndi mano okha ndi woseka zochokera mumtima. Kapena ndinene kuti ndinkadziyesa wodziwa. Anabwera kwathu kawiri, katatu. Ankakhala pa mkeka n'kumandithandiza kutongola chimanga mpaka zala kutuluka matuza, akunditchula achemwali ndi lilime lake la ku chigawo chapakati.

Tsiku lina anatulutsa foni n'kuiika pakati pathu. Anati akufuna nkhani zenizeni za m'mabanja zoti iwo akaphunzirepo, ndipo dzina la munthu aliyense sililembedwa. Anandiwerengera pepala lonena zomwezo, ine n'kusayina. Mawu akuti dzina sililembedwa anawabwereza katatu. Ndinamufunsa kuti nanga mawu angawa akakhala kuti. Anati mu kompyuta yokhoma, yotsegula iwo okha ndi aphunzitsi. Ndinaganiza za bokosi la loko, mtima n'kukhala pansi.

Za m'nyumba mwanga ndinalibe zonena zambiri. Amuna anga akakwiya amangokhala chete masiku awiri, kenako njala imawayankhulitsa. Ndinaona kuti mtsikana uja akulemba mwaulesi, ndipo ndinachita manyazi ngati munthu wopatsa mlendo madzi okhaokha. Ndiye ndinanena za aneba.

Aneba angawa ndi aakulu kwa ine, a ana atatu. Mayi anga anamwalira ndisanakwatiwe, ndipo nditabereka mwana woyamba ndi anebawa amene anandiphunzitsa kumusambitsa mchombo usanagwe. Madimba athu anagundana kumtsinje. Wina akadwala, mnzake ankathirira onse awiri. Amuna awo anali a kabaza, mkamwini wochokera cha ku Ndunde, munthu wofatsa panja, woti agogo akatopa pa msewu ankawakweza ulere. Ankavala chiwotchi chachikulu chimene chinaleka kuyenda kalekale, ndipo pa siteji ya njinga panalibe wosachidziwa, chifukwa anzawo ankawaseka nacho tsiku ndi tsiku.

Zoti m'nyumba muja mumamveka kulira, mudzi wonse unkadziwa, ngakhale aliyense ankakhala ngati sakumva. Koma za wotchi ankadziwa ndi ine ndekha. Aneba anandiuza ku dimba, atatsitsa bulauzi kundionetsa msana. Anati bambowo akakwiya sathamangira kumenya. Amatseka chitseko, kuvula wotchi, kuipukuta, kuiika bwinobwino pa zenera kuti isasweke, kenako n'kutenga pampu yopopera njinga. "Ine ndikangomva lamba wa wotchi akumasulidwa, ndimatulutsa ana," anatero. Ndipo anawonjezera kuti zimenezi ngakhale mayi awo owabereka sanawauze.

Sikuti anangokhala. Anali atapita kale kwa atsibweni awo, amene ndi nkhoswe yawo, ndipo atsibweniwo anatumiza mawu kwa nkhoswe ya kuchimuna. Anagwirizana zodzakhala pansi nandolo akakololedwa. Kwathu nkhani ya banja imayenda choncho. Mwamuna amadzudzulidwa pa mkeka, kuseri kwa nyumba, pamaso pa anthu anayi kapena asanu, ndipo ngakhale amuuze zowawa, amadzuka pamenepo nkhope akadali nayo yoyendera pa msewu. Aneba sankafuna banja lithe. Ankafuna pampu izikhala pa njinga.

Zonsezi ndinazinena pa foni ija. Dzina sindinatchule. Ndakhala ndikudzifunsa chimene ndinanenera. Chisoni chinalipo, inde. Koma ndisaname, kunalinso kukoma kwina, koona munthu wa ku yunivesite akusiya kulemba n'kundiyang'ana pakamwa ngati ine ndiye mphunzitsi.

Patapita masabata atatu analengeza pa chimkuzamawu kuti tsiku la msika kudzakhala sewero. Ine ndi aneba tinali titayala tomato wathu moyandikana monga mwa masiku onse, pafupi ndi bwalo limene anasankha. Sewero loyamba linali la anyamata omenyanirana mowa. Tinaseka, poti zinali za m'tauni. Sewero lachiwiri litayamba, mnyamata mmodzi analowa akukankha njinga. Anakalipira mkazi wake za ndiwo, n'kuchita ngati akutseka chitseko. Kenako anaima, kuvula wotchi, kuipukuta pa malaya, n'kuiika pang'onopang'ono pa mpando. Atatero anasolola pampu.

Kuseka kunayambira pansi pa mtengo, pa siteji ya akabaza, ndipo mitu yonse inatembenukira komweko. Bambo aja anali pomwepo, atakhalira njinga yawo. Ndinawaona akuphimba wotchi ndi dzanja linalo. Mnzawo wina anakuwa kuti, "Achimwene, nthawi ili bwanji? Musavule, tikungofunsa!" Anthu anagwa nako kuseka.

Aneba sanadzutse mutu. Ankagumula milu ya tomato n'kuiunjikanso, kugumula, kuunjikanso.

Ana asukulu aja anakondwa, poganiza kuti sewero lawo lagwira anthu mtima. Anaimitsa masewerowo n'kufunsa gulu kuti mayi wotereyu achite chiyani, ndipo anthu ankayankha mokweza, wina kuti apite ku polisi, wina kuti abise pampu, onse akuponya maso pa tomato wathu. Pamene ankamaliza, njinga ija inali itachoka pansi pa mtengo.

Ndinamupeza mtsikana wa magalasi kuseri kwa sitolo akumwa madzi. Ndinamufunsa kuti bokosi lake la loko lija linatseguka bwanji. Anadabwa. Anati dzina sanatchule, mudzi anasintha, ana anawachepetsa kukhala awiri, ndipo m'tauni achita zotere kambirimbiri popanda wozindikira mnzake. Ndinamuuza kuti m'tauni mwina mawotchi ndi ambiri. Kuno wotchi ija ndiyo dzina, ndipo akanatchula dzina lenilenilo bwenzi anthu akufunsana kuti uti, poti a dzina limenelo alipo atatu. Nkhope yake inagwa. Anafunsa ngati angapite kukapepesa. Ndinamuletsa, ndipo ndinati ndikuopa kuti awonjezera moto. Chimene ndinkaopa chenicheni n'chakuti mapazi ake akachoka pa khomo la aneba, aliyense awalondola mpaka pa khomo langa.

Mpaka lero sindidziwa ngati analidi wosadziwa. Masiku ena ndimati anali mwana, anachita zimene anaphunzitsidwa. Masiku ena ndimakumbukira mmene maso ake anawalira nditatchula za zenera, ndipo ndimati iye kapena aphunzitsi ake anaona kuti pamenepo ndiye pokoma pa nkhani yonse, n'kulephera kupasiya. Pepala ndinasayina lija silinanene za sewero, kapena linanena m'mawu amene ine sindinawamve. Sanandisiyire langa loti wina andiwerengerenso.

Bambo aja sanagone pakhomo masiku awiri. Loweruka anabwera ndi nkhoswe yawo, koma osati kudzakhala pansi. Atsibweni a aneba anayala mkeka, alendowo n'kukana kukhalapo. Ndinkamva zonse ndili m'khitchini mwanga. Nkhoswe ya kuchimuna inati nkhani imene yavinidwa pa msika sibwereranso pa mkeka. Mlandu aweruza kale ogula tomato, ndiye iwo adzanenanso chiyani? Inati mkazi wagulitsa mwamuna wake kwa alendo. Aneba analumbira kuti sanayankhulepo ndi ana asukulu aja. Nkhoswe ija inawafunsa kuti nanga wotchi pa zenera anaiona ndani, poti chitseko chimakhala chotseka. Dzina langa silinatuluke. Bambowo anatenga njinga, bulangete, khasu ndi wailesi, monga amachokera mkamwini, n'kupita kwawo.

Lolemba lake ndi lija anandifunsa pa mjigo.

Ndine munthu wodekha, ndipo ndinaganiza kuti ndikangodikira, nkhani izizira yokha. Siinazizire. Mudzi unayamba kusaka wonena. Aneba ali ndi mng'ono wawo amene ankaphikira ana asukulu aja chakudya cha masana, ndipo anthu anati ndi ameneyo, anamva kudzera pa khoma n'kukasinthanitsa ndi nyama. Mng'onoyo analira, anakana, koma ku tchalitchi amayi anayamba kumusiyira benchi yekha. Ine ndinkapitabe ku dimba, kupereka moni, kulandira moni. Aneba sanandifunsenso. Ankangondiyang'ana nthawi yaitali ndikamayankhula, ngakhale ndikunena za nsabwe za pa mpiru. Nanenso ndinayamba kukayikira aliyense. Amayi awiri akatsitsa mawu ine ndikudutsa, ndinkati adziwa. Amuna anga atandifunsa chimene mtsikana wa magalasi anasiyira kubwera, ndinaganiza kuti nawonso atumidwa.

Ndinapirira masabata asanu. Tsiku limene ndinaona mng'ono uja akukatunga ku mtsinje chifukwa choopa maso a pa mjigo, ndinatsikira ku dimba. Ndinawapeza aneba akuthirira. Ndinakhala pansi pa mzere, mwana ali pa miyendo, n'kunena kuti ndine.

Anamaliza kaye kuthirira bedi lonse. Kenako anaika kheni pansi.

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija, mmene munkamangira nsalu yomanga kale," anatero. "Ndimafuna ndione kuti mutha masiku angati."

Ndinayamba kufotokoza za pepala, za bokosi la loko, zoti dzina sindinatchule. Anandidula mofatsa.

"Mukanandifunsa, achemwali. Msana ndi wanga. Nkhaninso inali yanga."

Ndinati komabe pano sakumenyedwanso. Sindikudziwa chimene ndinanenera zimenezo. Mwina ndinkafuna andipatseko pogwira. Anandiyang'ana n'kunena kuti zimenezo akuzidziwa kuposa ine, ndipo masiku ena amagona bwino kuposa kale. Koma iwo ankafuna bambowo asiye pampu, osati asiye ana. Mwina pa mkeka zikanatheka, mwina zikanakanika, ndipo zikanakanika akanawathamangitsa okha, ndi pakamwa pawo, atsibweni ali pomwepo. Tsopano sadzadziwa. Atatero ananyamula kheni n'kupita kukatunga ena.

Madzulo ake ndinapita kwa mng'ono uja kukanena zomwezo, ndipo Lamulungu ndinazinena kwa amayi a ku tchalitchi. Benchi yosiyidwa inakhala yanga kwa kanthawi. Zimenezo zinatha, anthu amatopa. Aneba sanandinyoze kwa munthu aliyense. Anangotumiza mwana kudzabweza sefa yanga imene inakhala kwawo zaka zitatu, n'kuitanitsa mtondo wawo.

Ana asukulu aja anabweranso kamodzi kudzatsanzika. Anagawa malaya oyera olembedwa za mtendere, anajambula zithunzi, ndipo aphunzitsi awo anathokoza anthu a dera lino chifukwa chomasuka. Mtsikana wa magalasi anandipatsa anga osandiyang'ana m'maso. Ali pansi pa dengu la zovala. Sindinawavalepo, ndipo kuwang'amba kuti akhale matewera ndimalephera.

Moni timapatsanabe ndi aneba. Pa maliro timaphika pa moto umodzi. Koma zimene zinatayika ndi izi. Ana atatu alibe bambo pakhomo. Njinga imene inkanyamula tomato wa madimba onse awiri kulibe, timasenza pamutu aliyense payekha. Munda wawo wa kumtunda sunalimidwe chaka chimenecho. Mkeka wa ankhoswe unapindidwa wosakhalidwa. Ndipo ine pa mjigo ndilibe wondisenzetsa ndowa.