Tsiku Limene a Pechiyamma Anagenda Kanema

Aliyense wokwera basi ya ku Madurai pa Nilakottai ankamudziwa Sornam, woluka maluwa pansi pa mtengo wa bwemba. Zala zake zinali zachangu moti ankamanga maluwa oyera onunkhira otchedwa malli pa ulusi uku akukangana ndi kondakitala, osayang'ana n'komwe. Anakwatiwa ali mtsikana, ndipo patangotha zaka ziwiri mwamuna wake analumidwa ndi njoka kumunda. Kuyambira pamenepo ankavala sari yoyera, pamphumi popanda kadontho kofiira, kutsitsi kopanda duwa, monga amachitira akazi amasiye kumeneko. Akazi a m'tauni yonse ankanunkhira ndi ntchito ya manja ake, mwiniwake ayi. Zinkamuwawa ndithu, komabe pa kuseka panalibe womuposa.

Ankakhala ndi apongozi ake, a Pechiyamma, amayi olongolola moti ngakhale agalu ankawapatukira. Ndiye panali Sangili, bambo wofedwa mkazi, amene ankazungulira ndi ngolo ya ng'ombe kulengeza makanema, ng'oma ili m'manja. Sangili anatumizapo amalume ake kukafunsira Sornam, koma a Pechiyamma anawathamangitsa ndi tsache. Sornam ankamufuna munthuyo, kungoti sakanachoka popanda mawu a mayi amene anadya nawo m'mbale imodzi zaka zisanu ndi zitatu.

Chaka china kunabwera kanema wa mkazi wamasiye wokwatiwanso. Ng'ombe za Sangili zinayamba kutopa tsiku lililonse, ndipo zinkatopera pabwemba pomwepo.

"Bwerani mudzaone!" ankakuwa Sangili. "Wamasiye wokongola! Apongozi ouma mtima! Mutenge nsalu yopukutira misozi!"

"Kodi ng'ombe zanuzi sizidziwa mthunzi wina?" anafunsa Sornam, maso ali pa ulusi.

"Zimakonda fungo la pano, mayi."

"Fungo limenelo linapweteketsa amalume anu. Kazipitani."

Koma a Pechiyamma sankaphonya kanema, olo adwale. Lamlungu masana anamukoka Sornam mpaka kuchisakasa cha makanema, nakhala kumbali ya akazi, aliyense ataunjika kamulu ka mchenga kokhalapo. Pachinsalu panaoneka apongozi aja akulanda wamasiye mbale ya mpunga. A Pechiyamma magazi anawira. Anatapa mchenga wodzaza manja n'kugenda chinsalucho.

"Mfiti iwe! Msiye mwanayo adye! Ndi iyeyo anapha mwana wako?"

Mnansi wawo Vellaiyamma, amene sankaopa munthu, anawagwira mkono. "Akulu, gendani pang'onopang'ono mungadzipweteke. Ameneyutu ndi inu."

Mbali yonse ya akazi inafa ndi phwete. Sornam anangoti zyoli, akulakalaka mchenga utamumeza. Kunyumba a Pechiyamma anatha masiku atatu osakalipira ngakhale nkhuku. Sornam anachita mantha kwambiri, chifukwa anali asanawaonepo ali chete.

Tsiku lachinayi a Pechiyamma anatulukira pamalo okwerera basi ngolo ija itangoima, n'kuima kutsogolo kwa ng'ombe manja ali m'chiuno.

"Iwe, tontholetsa ching'oma chakocho. Wasokosa mokwana za amasiye a eni. Lachisanu amalume ako abwere ndi nthochi ndi kokonati kudzafunsira Sornam, ndipo asambe."

Sangili anagwetsa ndodo yoimbira. Pofuna kugwada anaponda ndowe, koma sanazindikire n'komwe.

Sornam anaimirira, maluwa onse n'kukhuthukira pansi. "Amayi, nanga anthu adzati chiyani?"

"Anena kale, pamaso panga, ndipo sananame."

Atatero anawerama n'kuyamba kutola maluwa aja m'fumbi, limodzilimodzi, kuti nkhope yawo isaoneke. Mawu awo anatsika, oti amve Sornam yekha.

"Mwana wanga ndinamulira mokwana. Wanditsalira ndi iwe, ndipo sindikufuna kukulira uli moyo."