Dayisi Inagwa pa Sikisi

Loweruka lililonse tinkakumana anthu anayi pa Boma kuchita masewera ongoyerekeza. Ine ndinkasimba nkhani, anzanga n'kumakhala anthu a m'nkhanimo, dayisi n'kumagamula. Dziko lake ndinapeka ndine: mvula yapoizoni inapululutsa mizinda, otsala anathawira kuphiri la Chambe.

Kenako mlongo wanga Esinati, mmodzi wa anayife, analembanso mbiri yonse m'kope lake. Anachotsa zimphona zanga zachitsulo n'kuikamo mizimu ya m'phiri, ija imasiyira munthu chakudya kuti adye osaitana mnzake. Onse anakonda zake. Ine ndinkamwetulira, mtima ukuwawa.

Tsiku lina mlenje wa Esinati wa m'nkhanimo, amene anayenda naye chaka chathunthu, anapeza nthochi zakupsa pathanthwe n'kuitana anzake anjala. Ndinaponya dayisi kuseri kwa katoni yotchingira kuti anzanga asaone. Inagwa pa sikisi, kutanthauza kuti wapulumuka.

"Wani," ndinatero. "Nkhungu yamutenga."

Esinati anagwira katoniyo.

"Achimwene, ndione?"

Ndinagunda tebulo ndi bondo, dayisi n'kugubuduka. Ndinatsokomolanso, ngati kuti chifuwa chingasunthe tebulo.

Anandiyang'anitsitsa, n'kundikankhira kope lija. "Mizimu yake ndi inu. Lembani nokha."

Sanabwerenso. Kopelo ndikadali nalo, ndipo mpaka lero timasewera zimene analemba iyeyo, chifukwa zanga sizikoma.