Kabati Yanga ndi Misomali ya Apongozi

Ufulu utangobwera kuno kwa Ashona, azungu a m'dera la Greenside ankagulitsa katundu pakapinga, kuthamangira kumwera. Ine ndinagulako kabati yamatabwa olemera, yopanda shelefu ndi imodzi yomwe. Dona wake anali atazula mashelefu onse kuti akhomere mabokosi a ulendo, koma mtengo sanatsitse. Umbombo wa anthu aja unkafika mpaka pathabwa.

M'nyumba monse, kupatula makina osokera, chinthu chokhacho chomwe ndikanati changa chinali kabatiyo. Ndinaigula ndi thukuta la kusoka, ndipo ndinkafuna kusungamo makina anga osokera ndi nsalu. Ndinkafuna mashelefu otheka kukweza ndi kutsitsa, chifukwa nsalu zimachuluka lero, mawa zatha. Za ukalipentala sindinkadziwa kanthu. Ndinabwereka choboolera chamanja kwa mnansi, ndinadula kachidutswa kakatali ka katoni nʼkuikapo timadontho, kuti mabowo a mbali zonse alingane. Masiku atatu ndinaboola, manja kuchita matuza. Tizikhomo ndinasema ndekha. Shelefu yoyamba itakhala phee pa tizikhomo tinayi, osapendekeka, ndinasangalala ngati mwana.

Lamlungu kunabwera apongozi anga aamuna, amene anathera unyamata wawo akuchirikiza denga la mgodi ku Penhalonga. Kwa iwo chilichonse padziko chinali denga lofuna kugwa. Anagwedeza shelefu ndi chala, nʼkuseka.

"Muroora," anatero, poti mkazi wa mwana wawo ankakonda kumuitana choncho m'Chishona, "pansi paja thabwa likamagwedera chonchi, ndiye kuti mawa tili ndi maliro."

"Bambo, ndapangira dala, kuti ndizitha kusuntha," ndinayankha chamunsi.

"Chosuntha nʼchosalimba, amayi. Hamala ili kuti?"

Apongozi sutsutsana nawo kawiri. Ndinakhala pamphasa, manja pamiyendo, ndikuonerera munthu wosadziwa kusiyanitsa kabati ndi mgodi akukhoma misomali yaitali ngati chala chapakati. Anayamba akhomerera timatabwa m'mbali mothinitsa, monga ankachitira pansi pa nthaka. Msomali wachitatu utalowa, mbali ya kabati inang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, kutsata mzere wa mabowo anga omwe aja. Iwo anangoti thabwalo linali lofumbwa kale, azungu andipusitsa. Anakhoma ina isanu kuti atseke manyazi. Shelefu inakhazikika pakati penipeni, moti makina anga sanalowenso, pamwamba kapena pansi.

Kenaka ndinawapangira tiyi, ndinagwada, ndinati zikomo bambo mwatithandiza. Analandira zikomoyo ndi manja awiri, osachita naye manyazi.

Mkuluyo ndinamupeputsa tsiku limenelo, koma osati kwambiri. Ankachita zomwe ankadziwa. Amene ndinamunyoza ndi mtima wonse ndi mwamuna wanga. Anandiona ndikuboola masiku atatu, ndipo ndi iye anandimanga matuza ndi kansalu. Koma nthawi yonse imene kabati yanga inkang'aluka, anali chiimire pambali pa bambo ake, akuwapatsira misomali umodziumodzi.