Tsiku Lomwe Ndinafuula Kuti Mgwire

Chinali chaka cha 2025, ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanalowepo m'nyumba ya kanema, ndipo ana anga ndinkawaletsa. Ndine mkulu wa mpingo. Sindifuula. Ndikayankhula kamodzi anthu amamva.

Ndinatsikira ku Zalewa kukagula misomali ya malata. Ndili pafupi kufika, masipoko atatu a njinga anathyoka. Wokonza njinga anati ndidikire, ali ndi ntchito zina ziwiri. Unali mwezi wa Sepitembala, dzuwa lili paliwombo, ndipo dzuwa la pa Zalewa silidziwa nkhalamba. Mthunzi wokhala ndi benchi unali umodzi wokha, m'nyumba ya kanema yoyang'anana ndi msewu.

"Agogo, lowani, musaope," anatero mwini nyumbayo. "Lero mulibe zolaula. Akuthamanga basi."

"Akuthawa chiyani?"

"Sakuthawa. Ndi mpikisano wa maiko onse, kutsidya kwa nyanja."

Ndinalowera mthunzi, osati kanema.

Khamu ndinalionapo pa maliro akuluakulu ndi pa misonkhano ya chipani. Ili la pa kanema linali lina. Bwalo lozungulira, anthu atakhala mosanjikizana mpaka kudenga ngati mizere ya m'munda wa m'phiri. Ndinafunsa ngati onsewo anabwereradi kudzaona munthu akuthamanga, popanda womwalira, popanda chogawidwa. Amuna omwe anadzaza mabenchi anaseka.

"Nanga minda asiyira ndani?"

"Alibe minda amenewo, agogo. Khalani pansi, mukutitchinga."

Ndinaona amayi akuluakulu atadzipaka utoto kumaso. Ndinaona bambo waimvi ngati ine atafunda mbendera, akudumphadumpha, mkazi wake ali pambali osamuletsa. Mtsikana wina wofuna kulumpha anakweza manja nawomba kamodzi, khamu lonse linamuyankha, pha, pha, pha, kumka nafulumira, mpaka iye anauluka. Ndinagwira pakamwa. Koma chomwe chinandidabwitsa koposa ndi chete. Munthu mmodzi anakweza mfuti, anthu onse aja zii. Kutchalitchi kwathu anthu makumi asanu amandivuta kuwakhalitsa chete chotero.

Kenako unayamba mpikisano wa mtunda wautali. Apa ndiyenera kunena kuti inenso ndinathamangapo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma zaka zitatu palibe anandipitirira, ndili wopanda nsapato, pabwalo laminga. Pa kanemapo panali wina wamfupi wa malaya obiriwira, wothamanga mutu uli chozyolika monga ndinkachitira ine. Sindinadziwe kwawo. Ndinangomusankha.

Anazungulira bwalolo mpaka ndinaleka kuwerenga. Belu linalira, lofanana ndi la kusukulu.

"Komaliza uku!" anatero mwini nyumba.

Khamu lonse lija linaimirira nthawi imodzi. Phokoso lake linatuluka m'sipika n'kundilowa m'chifuwa. M'nyumbamo amuna anakwera pamabenchi. Wamfupi wanga anali wachitatu, anapitirira wachiwiri, ndipo wakutsogolo anatsala mikono inayi yokha. Ndinangopezeka ndaimirira, ndodo ili m'mwamba.

"Mgwire! Mgwire iwe!"

Amuna aja anakondwa kumva nkhalamba ikufuula. Anawalandira mawuwo nyumba yonse, akumenya malata a khoma.

"Mgwireni! Mgwireni! Mgwireni!"

Kwathu kuno mawu amenewo ali ndi ntchito imodzi. Ngakhale mwana amadziwa. Inenso ndinkadziwa.

Mayi wina wogulitsa tomato anasuzumira pakhomo akupuma wefuwefu. "Amugwira! Tulukani, amugwira! Kodi waba chiyani muno?"

Ndinatuluka. M'mbali mwa msewu anthu anali ataunjikana, ndipo pakati pawo panagona bambo wa malaya oyera, wa zaka ngati makumi anayi. Iye ankathamangira minibasi yomwe inali kunyamuka, chikwama chili m'manja, ndipo anadutsa pakhomo pathu pa nthawi yomwe tinkafuula. Ndinamva pambuyo pake kuti anali mphunzitsi wochokera kumpoto, atangotumizidwa kumene ku sukulu ina ya cha ku Lisungwi. Panalibe womudziwa. Ankayesa kufotokoza, koma Chichewa chake chinkamveka cha kwina, ndipo zimenezo zinangowonjezera moto.

Ankamuponda. Chikwama anali atachikhutula, makope a ana a sukulu ali mbwee m'fumbi. Munthu wina ankagubuduza tayala la galimoto kubwera nalo. Wina ankaitanitsa petulo.

Ndinayankhula kamodzi monga ndimachitira. "Msiyeni."

Palibe anamva.

Ndinalowa pakati ndikukwapula miyendo ya anthu ndi ndodo, n'kuima pamwamba pake, mwendo uku mwendo uku. Chibakera cha wina chinandipeza pakhutu. Ndinafuula kachiwiri pa tsiku limodzi.

"Ndine! Wafuula uja ndine! Munthuyu sanabe kanthu!"

"Ndiye mumati tigwire ndani, agogo?" anafunsa wa tayala uja.

"Wa mu kanema."

Kunagwa chete yemwe uja wa m'bwalo, mfuti isanalire. Ndinkamva mphunzitsiyo akupuma movutika pansi panga.

"Eti wa mu kanema," anatero mayi wa tomato. "Aaa, si a mkulu a mpingo awa? Ndinu a kumtunda inu, ndimakudziwani. Mu kanema mumatanimo?"

"Tikanalowera pati kuti timugwire?" anatero wina kumbuyo.

Ena anaseka. Wa tayala analigoneka pansi n'kulikhalira, ngati analibweretsera zimenezo. Khamu linasungunuka. Amene ankaponda anasanduka odutsa m'njira, aliyense akufunsa mnzake chomwe chachitika.

Mphunzitsi anakhala tsonga nalavula magazi. Anayamba kupapasa makope m'fumbi, pakuti magalasi ake anali ataswedwa. Anandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Bambo, ndinakulakwirani chiyani?"

"Pepani, aphunzitsi."

Mawu amenewo ndinali ndisanawanene kwa munthu zaka zambiri. Anatuluka mouma, koma anatuluka.

Njinga ndinaisiya kwa wokonza. Ndinakwera nawo minibasi kuwaperekeza kuchipatala ku Lisungwi, chikwama chawo chili pamiyendo panga. Pakamwa anali atatsekapo ndi kansalu chifukwa cha magazi. Titayandikira, anachotsa kansalu pakamwa.

"Nanga anamugwira?"

"Ndani?"

"Wanu uja."

"Sindinaone."

Anabwezera kansalu pakamwa. Mpaka lero sindidziwa ngati wamfupi uja anapambana, ndipo sindinafunse munthu.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike. Lamulungu lotsatira ndinaimirira kutchalitchi ndi kuinena ndekha, yonse, kuti asandinenere ena. Nkhuku ndinawapititsira aphunzitsi kunyumba kwawo. Analandira mwaulemu. Teremu itatha anapempha kusamuka, ndipo anapita.

Moyo wawo unatsala. Zomwe zinatayika ndinaziwerenga: mano awo awiri, magalasi, nsapato imodzi, makope khumi ndi anayi a ana a Sitandade 7, chipewa changa, khutu langa lamanzere lomwe silimvanso, ndi mphunzitsi mmodzi wa masamu.