Wotsalira Ndiye Amamenya

Ndikukumbukira kuti mzungu woyamba amene ndinamumvera chisoni anali wa pa boma la Dedza, ndipo chisonicho chinayamba ndi kuseka. Ndinali ndi zaka ngati khumi. Ndati ngati chifukwa amayi ankakumbukira kubadwa kwa ana awo potchula njala kapena dzombe, ndipo ine ndinabadwa chaka chimene kunalibe zonse ziwiri, motero palibe amene anachisunga.

Madzulo dzuwa likapendeka, mzunguyo ankatuluka ndi ndodo zake kupita pa chidikha cha kuseri kwa ofesi. Ankaika kampira koyera pansi n'kukamenya mwaukali ngati kamutukwanira makolo. Kakathawa, ankakalondola wapansi. Akakapeza, m'malo mokatola n'kuthokoza Mulungu, ankakamenyanso. Anthu a kwathu odutsa ndi mitolo ya nkhuni ankaima n'kumaonerera. Ena ankati ndi chilango chimene anamupatsa kwawo. Ena ankati ndi chizimba.

Amene anatimasulira anali achimwene anga a Damiano, omwe ankatchetcha udzu pa chidikhapo. Bambo athu anali atamwalira kale, choncho pakhomo pathu mawu a achimwene anali ngati a katekisimu.

"Dzina lake ndi gofu," anatero. "Kwawo amasewera anthu angapo. Ndinaona tsiku lina atabwera alendo ake. Koma masiku onsewa alibe mnzake."

"Nanga bwanji osakuitanani inuyo?" ndinafunsa.

"Ine ndine wa chikwakwa, Luka. Chikwakwa sachiitana."

Achimwene anabweretsa masewerowo kumudzi kwathu, cha kufupi ndi Bembeke. Kunsi kwa munda wa amayi kunali tsala lalikulu, ndipo kumapeto kwake anakumba kadzenje n'kuikamo khosi la mphika wosweka. Pambali anazika bango lokhala ndi kasanza. Ndodo zathu zinali mipini yakutha ya makasu, koma iwo ankamenyera chibonga chimene agogo athu aamuna anasiya. Anyamata ena ankamenya nthula. Ine achimwene anandisemera mpira wa muzu wa mtengo. Iwo anali ndi mpira weniweni umene mzungu uja anautaya chifukwa unang'ambika pambali, ndipo ng'ambiyo inkauchititsa kuoneka ngati ukumwetulira.

Malamulo a mzungu anali ambiri, koma achimwene anatenga limodzi lokha n'kulisunga ngati Lachisanu Loyera.

"Amene mpira wake uli kutali ndi dzenje ndiye amamenya. Enanu imani. Palibe wodutsa mpira wa mnzake."

Ine ndine munthu amene ndinalowa sukulu ya uphunzitsi n'kutulukamo nthawi isanakwane. Tinasiyana mwamtendere: iwo anatsala ndi satifiketi, ine ndinatenga bulangete langa. Anayesetsa kundithira malamulo ambiri a galamala ndi a masamu, ndipo onse anatulukira khutu linalo. Koma lamulo la pa tsala lija lilipobe mpaka lero.

Pa nthawiyo ndinkadana nalo. Mwa anyamata onse ine ndinali wosatha, choncho wotsalira nthawi zonse ndinali ine. Gulu lonse linkaima kumbuyo kwanga, mipini paphewa, kundiyang'ana ndikukumba nthaka. Mnzathu Nikolasi, amene ankakankha nthula yake ndi chala cha kuphazi achimwene akayang'ana kumbali, ndiye anali ndi pakamwa.

"Luka, ukumenya mpira kapena ukupanga mizere? Amayi ako akakuona akupatsa mbewu."

Ena ankagona pansi n'kumaliza mkonono. Achimwene okha ankaima chilili, mphepo yozizira ya kuphiri ikuwomba nsalu yawo, mpaka mpira wanga utapitirira wa munthu wina.

Tsiku lina pobwerera kunyumba ndinati, "Mzungu uja ndiye wanzeru. Ali yekha, palibe womuseka."

"Palibenso womudikira," anayankha achimwene.

Ndinaona ngati ndi mawu chabe a munthu wodziwa kumenya.

Amayi masewerowa sankawafuna. Ankati ndi masewera a anthu okhuta, ndipo mpini wabwino ukasowa pakhomo ankadziwa kokaufuna.

Nkhondo ya Ajeremani itayamba tinkangoimva patali, ngati bingu la kutsidya kwa phiri. Ndiye linafika tsiku lina m'nyengo ya chisanu, chimanga chili m'nkhokwe, nkhungu itangochoka m'dambo. Tinali awiri okha pa tsala. Ndinamenya, ndipo sindikudziwa chimene chinalowa mu mpini wanga: mpira unauluka bwino n'kukagwa cha pakati. Achimwene anaponda, anakweza chibonga, n'kumenya chokhota. Mpira wawo unagudubuzika pang'ono n'kulowa m'tsinde la udzu pafupi ndi chulu, kumbuyo kwenikweni kwa wanga.

Ndinavina ngoma yopanda ng'oma. Kuyambira pamene ndinabadwa, ndinali ndisanatsogolepo.

"Taonani zanga," anatero akuseka. "Lero wotsalira ndine. Undidikire, bwana."

Asanafike pachulupo tinamva amayi akuitana kuchokera kumtunda, ndipo mawu awo sanali oitanira chakudya. Kumudzi kunali kutafika asilikali odzatenga amuna amphamvu kuti akanyamule katundu wa nkhondo. Anthu otere tinkawatcha amtengatenga. Achimwene anaima kanthawi akuyang'ana kumtundako, kenako anandipatsa chibonga.

"Mpira wangawo usaukhudze. Womenya ndine."

Ananyamuka masana omwewo pamodzi ndi amuna ena a m'mudzimo, kuphatikizapo a Zakaliya, aneba athu. Amayi anawamangira ufa ndi nyemba pa kansalu, ndipo sanalire mpaka mzere wa anthuwo utabisika kuseri kwa misuku.

Masewero a gulu anatha okha. Popanda achimwene, aliyense ankathamangira kutsogolo, Nikolasi ankachita kunyamula nthula m'manja, ndipo tsiku lililonse linkathera pa ndewu. Pamenepo ndinapeza chimene ndinkachilakalaka. Ndinakumba dzenje langalanga kuseri kwa khola n'kuyamba kusewera ndekha.

Ndiyenera kunena mosadzitama kuti ndinapambana masewero onse. Panalibe wondiseka. Ndikalephera, ndinkabwereza, ndipo amene akanatsutsa panalibe. Koma ndinayamba kuzindikira kuti ndikamenya bwino, khosi langa linkatembenuka lokha kuyang'ana kumbuyo. Kumbuyoko kunali mbuzi. Mbuzi ndi nyama yaulemu, koma siyamikira.

Tsiku lina amayi anandituma kuboma, ndipo ndinadzera pa chidikha chija. Udzu unali utatalika chifukwa wotchetcha watsopano analibe dzanja la achimwene. Ndinabisala kuseri kwa msuku. Mzunguyo anamenya kuchokera patali ndithu, kampira kanagudubuzika, kanakhota, n'kugwera m'dzenje. Anavula chipewa n'kutembenuka uku ndi uku, nkhope ikuwala, kufunafuna amene waona. Atapeza kuti palibe, anavalanso chipewa pang'onopang'ono n'kukatola mpira wake. Sindinaseke.

Mpira wa achimwene ndinkauyendera m'mawa uliwonse. Anthu akamatentha tchire ndinkalambula mozungulira tsinde la udzu lija kuti moto usafike. Wanga wa muzu uja chiswe chinaudya, ndipo ndinaika mwala pamalo pake. Wawo chiswe chinaukana. Unangosanduka wachikasu, ukumwetulirabe.

Mvula itayandikira, amayi anaganiza zolima tsala lija kuti abzale kachewere, poti pakhomo panalibenso malipiro a kuboma. Ndinkawaona akuyandikira chulu mzere ndi mzere, koma ndinkaopa kuwauza za masewera a anthu okhuta. Atafika pa tsindelo, mzere wawo unakhota, n'kuzungulira, n'kukawongoka kutsogolo.

"Amayi, mwasiya udzu apo."

"Ndaona. Khasu langa lili ndi maso."

Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Munda wonse unali ndi mizere yowongoka kupatula pamalo amodziwo, ndipo odutsa ankafunsa ngati pali manda a mwana. Amayi ankangoti pali mavu.

A Zakaliya anabwera okha. Anali ataonda moti tinawazindikirira mawu. Anakhala pakhonde pathu, chipewa chili pabondo, ndipo anayamba ndi kufotokoza za njira, za matope, za kulemera kwa mabokosi, monga amachitira munthu amene akuzengereza kufika pamene akupita. Anati achimwene ankakonda kuyenda kumapeto kwa mzere. Munthu akafooka, ankaima naye, nthawi zina n'kumunyamulirako katundu, mpaka akapitawo anatopa ndi kuwakalipira. Kenako kamwazi anawagwira iwonso.

"Tinayenda nawo masiku angapo titawagwirizira," anatero a Zakaliya. "Tsiku lina miyendo inakana. Ndinapempha kuti tiime pang'ono. Koma mayi, kumene kuja wotsalira sadikiridwa. Ndinawakhazika pansi pa mtengo, ndinawasiyira chikho cha madzi. Anandiuza kuti, pitani, ndikupezani. Pobwerera ndinafunsa anthu a pamudzi wapafupi. Anati anawaika."

Amayi anafunda nsalu kumutu. Ine, chifukwa ndinali mwana, ndinafunsa funso la mwana.

"Sananene za mpira?"

A Zakaliya anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti anafuna kundinamiza, koma analibe mphamvu.

"Ayi, mwanawe. Sananene."

Maliro tinalira opanda mtembo. Abambo a ku mishoni anapereka nsembe ya Misa, anthu anagona pakhomo, tinameta, abale anabalalika. Koma amayi ankangokhala ngati munthu amene watsekera nkhuku zonse m'khola koma akumvabe imodzi ikulira kunja.

Tsiku lina m'mawa amayi anatenga khasu n'kundiitana.

"Luka, tenga chibonga."

Tinatsikira kumunda, mame akutinyowetsa miyendo. Anaima pa tsinde lija, limene tsopano linali lalitali kufika m'chiuno mwawo, n'kupatula udzu ndi dzanja.

"Mkulu wako watsalira mokwanira. Mumenyere."

"Amayi, lamulo silola. Anati womenya ndi iwo."

"Usandiphunzitse lamulo limeneli iwe. Ndakhala ndikulilimira mozungulira."

Anapita kumapeto kwa munda, n'kufukula khosi la mphika lija limene linali litakwiririka, kenako anabwerera n'kudzaima kumbuyo kwanga. Ndinamenya mpira wa achimwene ndi chibonga. Unadumpha mizere n'kupitirira mwala wanga. Ndinathyola nthula, ndinaiika pamene panali mwalawo, ndinamenya ndi mpini. Tinayenda chomwecho, wotsalira akumenya, ndipo amayi, amene m'moyo wawo wonse sanaimepo chabe m'munda, ankaima khasu lili paphewa, osadutsa mpira uliwonse mpaka utamenyedwa.

Anapambana ndi achimwene. Ndikufuna zidziwike kuti sindinawalekerere. Mpira wa mphira umayenda kuposa nthula, ngakhale mwini wake atamwalira. Utagwera m'khosi la mphika, ndinawerama kuti ndiutole, koma amayi anandigwira mkono. Anagwada pansi, anaika khasu pambali, n'kuyamba kukankhira dothi m'dzenjemo ndi manja awo, pang'onopang'ono, akutchula dzina la mwana wawo. Atatha anasalaza pamwamba ndi chikhatho. Tsiku lomwelo anakalima tsinde la pachulu lija, ndipo mzere unawongoka.

Zinanditengera zaka zambiri kuti ndifunse chimene mwana wochenjera akanafunsa pomwepo: zinatheka bwanji kuti munthu amene sankaphonya amenye chokhota chotere, pa tsiku limene tinali awiri okha, popanda Nikolasi woti aseke? Kusukulu ya uphunzitsi funso limeneli kunalibe, mwina n'chifukwa chake sindinakhalitseko.

Masiku ano ndimamva anthu ovala bwino akutsutsana ngati gofu amakoma uli wekha kapena uli ndi anzako. Ena amati wekha umafulumira, ndipo sakunama. Ine ndinasewerapo ndekha, ndinafulumira, ndinapambana konse, ndipo palibe chimene ndikukumbukira cha masewero amenewo kupatula mbuzi. Amene ndimawakumbukira ndi aja ndinkachedwetsa anthu, nkhope itatentha ndi manyazi, munthu mmodzi ataima chilili m'mphepo kumbuyo kwanga. Ndinkayesa kuti kudikiridwa ndi chipongwe. Tsopano ndakalamba, ndipo pa njira ya kutchalitchi wotsalira ndine kachiwiri. Adzukulu anga amathamangira kutsogolo, koma pali kamodzi kamene kamaima pokhota njira n'kumakanda mwendo ngati kalumidwa ndi nyerere, mpaka nditakapeza. Sindinakauzepo kuti ndimadziwa kuti palibe nyerere.